Magazi potuluka chimbudzi chouma: chochita kunyumba ndi nthawi yopita kuchipatala

Mukatchima kwambiri pochita chimbudzi, pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina kakhungu ka kotulukira chimbudzi kamang'ambika. Pamenepo mumamva ngati akucheka ndi lezala, ndipo kuwotchako kumapitirira ngakhale mwatuluka. Kapena timitsempha ta m'kati timatupa n'kuphulika, ndipo magazi ofiira psuu amadontha popanda kuwawa kwenikweni. Gwero lake ndi limodzi: chimbudzi cholimba. Chikafewa, chilonda chimapola chokha m'masabata ochepa.

Yambani ndi madzi, malita 2 patsiku, kuposa apo mu Okutobala ndi Novembala pamene ku Tete kutentha kumapyola madigiri 40. Nsima ya mgaiwa ilowe m'malo mwa ya ufa woyera, chifukwa gaga yemwe timataya pokonola ndiye amasunga madzi m'chimbudzi. Nyemba zimene ku Angónia sizisowa, nkhwani, bonongwe, therere, papaya, masau, zonsezi n'zothandiza. Koma onjezani pang'onopang'ono kwa sabata kapena awiri. Mukachulutsa tsiku limodzi mimba imadzaza mpweya, ndipo mukamadya gaga osamwa madzi kudzimbidwako kumangokula.

Chimbudzi chikakupezani, pitani nthawi yomweyo. Kuchisunga mpaka muweruke kumunda kumachiumitsa. Musanjute kupitirira mphindi 5, ndipo foni isiyeni panja. Dzitsukeni ndi madzi, osati chitsononkho kapena nyuzipepala, zimene zimatsegulanso bala. Khalani m'beseni la madzi ofunda, osati otentha, mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, kenako pukutani mofatsa, osakhula. Pa ululu imwani paracetamol. Aspirin imawonjezera kutaya magazi. Musalowetse sopo kapena zitsamba m'kati.

Si magazi onse ochokera ku kutchima. Magazi osakanikirana ndi chimbudzi chamadzi, chonanda ngati mamina, pamodzi ndi malungo, ndi kamwazi. Osodza ndi osamba mu Zambezi kapena ku Cahora Bassa akayezetse likodzo la m'matumbo. Chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula, chimasonyeza magazi ochokera m'mimba: thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, chimodzimodzi mukamva chizungulire kapena magazi akamatuluka ambiri. Mapiritsi owonjezera magazi a amayi apakati amadetsanso chimbudzi ndi kudzimbitsa. Musawasiye, uzani namwino. Magazi akapitirira sabata, mukamaonda, kapena mwapitirira zaka 40, pitani kuchipatala cha kwanuko, chimene chingakutumizeni ku Ulongué kapena ku Tete kukapimidwa m'matumbo.