Ndalama ya pa khadi ikalowa, musathamangire kumanga katundu

Kuyambira February foni yanga sikupuma. Oimbawo ndi amalonda amene ndimawayendera, aja ogulitsa zitenje, zikwama, khofi ndi ziboliboli pa intaneti, ndipo onse akulira maliro amodzi: ndalama zomwe analandira pa khadi ya ku banki nthawi ya Khirisimasi zachotsedwanso mu akaunti, pomwe katundu anapita kalekale. Ndikafunsa kuti wogulayo munamufufuza bwanji musanatumize, yankho ndi lomwelo: "Koma alangizi, pa foni panalemba kuti approved."

Mawu amenewa atisaukitsa chaka chino. Approved amangonena kuti khadiyo ilipo, sinatsekedwe, ndipo muli ndalama zokwanira. Sanena kuti amene walemba manambalawo ndi mwini wake. Mbava imene yaba manambala a khadi ya munthu wa ku Leeds ku Britain imalandiranso approved yemweyo. Mwini khadi akadzaona ndalama zimene sakuzidziwa amakadandaula ku banki yake, bankiyo imaitanitsa ndalamazo kudzera ku Visa kapena Mastercard, makampani oyendetsa makadiwa, ndipo zimatuluka m'thumba mwanu. Imeneyo ndiye chargeback. Pa milandu yambiri mwini khadi amakhala ndi masiku 120 oti adandaule. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya pa khadi imakhala pachala miyezi inayi yathunthu.

Vuto lathu n'lakuti tinakulira mumsika, kumene ndalama ikalowa m'chikwama nkhani yatha. Tazoloweranso Airtel Money ndi Mpamba, kumene uthenga ukafika timapereka katundu pompo. Chizolowezi chimenecho tachinyamula osachisintha n'kupita nacho ku malonda a khadi, ndipo ndatopa kubwereza kuti malamulo ake ndi ena. Pamene wogula sanabwere ndi khadi pamaso panu, zikavuta amene amasenza mtolo ndi wogulitsa. Mumataya katundu, mumataya ndalama ya mtengatenga yomwe pa katundu wopita kunja nthawi zina imaposa mtengo wa katundu yemweyo, ndipo pamwamba pake amakudulani chindapusa cha chargeback. Milanduyi ikachuluka, kampani yokulandirirani ndalama imayamba kusunga gawo la ndalama zanu ngati chikole, kapena kungokutsekerani akaunti. Kupeza ina pambuyo pake si ntchito yamasewera.

Mayi wina wa ku Chilomoni amasoka zikwama za chitenje, ndipo pa sabata amagulitsa ziwiri kapena zitatu. Mu December munthu amene sanagulepo anaitanitsa 14 nthawi imodzi. Khadi inali ya ku Britain, katundu anati apite ku Johannesburg, dzina la wolandira linali losiyana ndi la pa khadi, ndipo mtengo sananenerere n'komwe. Anangoti zifike msanga, pa ndege. Mayiwo anandiuza kuti anagwada kuthokoza Mulungu, anaitana telala wachiwiri, anasoka usiku wonse. M'mawa wake wogula uja analemba kuti walakwitsa, akufuna 10 zokha, ndalama ya zinayi zija amubwezere pa foni ya "m'bale wake" wa ku Lilongwe. Mayiwo anabweza. Mu March ndalama yonse ya zikwama 14 inachotsedwa. Ndiye werengani nokha: zikwama 10 zapita, ndalama ya ndege yapita, ndalama ya zikwama zinayi anaipereka yekha m'manja mwa mbava, ndipo telala uja akudikirabe malipiro ake. Anandifunsa kuti, "Nanga ndikanakana bwanji kasitomala wamkulu chonchi?" Ndinawamvera chisoni kwambiri, pakuti zizindikiro zonse zinali poyera, koma panalibe anawauzapo kuti zimenezo ndi zizindikiro.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi nkhani ya 3-D Secure, ija Visa amaitcha Visa Secure ndipo Mastercard amaitcha Identity Check. Ndi pomwe banki ya wogula imamutumizira nambala pa foni kapena kumufunsa pa app kuti atsimikize. Wogula akadutsa pamenepo, mlandu wakuti khadi inabedwa kawirikawiri umagwera banki yake, osati inu. Chitetezo chachikulu chotere, ena mwa inu mumachizemba dala. Kasitomala akangoti nambala sikufika, mumati anditumizire manambala a khadi pa WhatsApp ndilembe ndekha. Mukatero mwadzivula nokha, ndipo manambala atatu a kumbuyo kwa khadi aja, omwe malamulo a makadi amaletsa kuwasunga, atsala mu foni yanu. Amene akukanika kutsimikiza mwina alibe foni ya mwini khadi. Musiyeni apite.

Dziwaninso kuti 3-D Secure siyikutetezani wogula weniweni akanama kuti katundu sanafike. Pamenepo chimene chimalankhula ndi mapepala.

Zochita zake si zachilendo. Oda ikakhala yaikulu kuposa masiku onse, yochokera kwa mlendo, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, muimbireni foni, mufanizire dzina, dziko la khadi ndi kumene katundu akupita. Zikakana kugwirizana bwezani ndalamayo, ndipo kubweza kulikonse kuzipita pa khadi yomwe inalipira, osati pa foni kapena njira ina. Tumizani katundu ndi nambala yolondolera, wolandira asaine, risiti ndi mauthenga onse musunge osachepera miyezi 6. Dzina la bizinesi yanu lotuluka pa sitetimenti ya ku banki ya wogula likhale lomwe akulidziwa, chifukwa ena amadandaula pongosazindikira dzina. Mukaona timalipiro ting'onoting'ono tambirimbiri tikukanika motsatizana, ndiye kuti akuyesera makadi obedwa pa sitolo yanu, dziwitsani kampani yokulandirirani ndalama tsiku lomwelo. Kalata ya chargeback ikabwera imakhala ndi tsiku lomaliza loyankhira, ndipo likadutsa mwagonja ngakhale umboni muli nawo, choncho imelo ya bizinesi muziitsegula tsiku lililonse.