Kasankhidwe ka pickup yapakati pa gitala yamagetsi

Pa gitala za mtundu wa Stratocaster, zomwe kampani ya Fender inayamba kugulitsa mu 1954, komanso pa gitala zina zambiri zomwe zinatengera kapangidwe kake, pamakhala ma pickup atatu, tizipangizo totola kugwedezeka kwa nsambo n'kukusandutsa magetsi, ndipo yapakati ndi imene oimba ambiri amaikumbukira pokhapokha ikasiya kugwira ntchito. Komatu pa malo asanu a swichi yosankhira ma pickup, atatu amadalira iyo: pamalo achitatu imamveka yokha, pamalo achiwiri imaphatikizana ndi ya ku bridge (chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa gitala), ndipo pamalo achinayi imaphatikizana ndi ya kukhosi. Pachifukwa ichi, munthu amene akufuna ina yolowa m'malo mwake ayenera kuisankha akuyang'ana ziwiri zomwe zatsala pagitalapo, pakuti nthawi zambiri idzamveka pamodzi ndi izo.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti yakaleyo yafadi. Kawirikawiri vuto limakhala litsiro mu swichi kapena waya amene wathothoka pamene anawotchereredwa. Lowetsani chingwe mu gitala, ikani swichi pamalo achitatu, tsegulani voliyumu yonse, kenaka yezani kunsonga ina ya chingwecho ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, yoikidwa pa ma ohm. Pickup yamoyo ya koyilo (waya wokulungidwa) imodzi imaonetsa nambala yoyandikira 6k, kutanthauza ma ohm 6,000, pamene nambala yokwera kwambiri ikusonyeza kuti penapake njira ya magetsi yaduka. Zikatero, tsegulani pulasitiki ya pamwamba ndi kuyezanso pa mawaya enieni a pickup, chifukwa ndi pokhapo pamene mungadziwe ngati chaduka ndi koyilo kapena ndi waya chabe.

Nkhani yofunika kuposa zonse ndi ya maginito ndi kakulungidwe ka waya, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Pickup ya koyilo imodzi imakhala ndi timaginito tisanu ndi kamodzi tozunguliridwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000. Koyiloyo imatola kugwedezeka kwa nsambo, koma imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, omwe amasinthasintha ka 50 kapena ka 60 pa sekondi malinga ndi dziko, ndipo ndiko kung'ung'udza kumene kumamveka mu ampulifaya ngakhale musakuimba. Pofuna kuchepetsa phokosoli, opanga ambiri masiku ano amakulunga waya wa pickup yapakati mobwerera ndi kutembenuzanso maginito ake, ndipo pogulitsa amailemba kuti RWRP, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Reverse Wound, Reverse Polarity. Pickup yotereyi ikaphatikizana ndi ya kukhosi kapena ya ku bridge, mawu a nsambo amaonjezerana pamene phokoso la magetsi limafafanizana, kotero kuti malo achiwiri ndi achinayi amakhala opanda kung'ung'udza.

Chovuta n'chakuti makampani sanagwirizane za mbali ya maginito yoyenera kuyang'ana kumwamba, choncho RWRP ya kampani ina ikhoza kukhala yofanana ndendende ndi ma pickup wamba a kampani inzake. Musakhulupirire zolembedwa pabokosi zokha. Tengani kampasi, muiyandikitse pamwamba pa pickup ya kukhosi ndi ya ku bridge, ndipo muone nsonga ya muvi imene ikukokedwa. Yatsopanoyo iyenera kukoka nsonga inayo. Ngati mulibe kampasi, yang'anitsani nkhope ya pickup yatsopano ku nkhope ya yomwe ili pagitala popanda kuzigunditsa mwamphamvu: zikakokana ndiye kuti maginito ake ndi osiyana, zikakankhana ndiye kuti ndi ofanana.

Maginito akakhala osiyana, zotsalazo n'zapafupi. Mukamanga n'kumva kuti pamalo achiwiri ndi achinayi mawu ndi oonda, otsika ndiponso ngati a munthu wolankhulira m'mphuno, sinthanitsani mawaya awiri a pickup yapakatiyo, wopita ku swichi apite pansi ndipo wa pansi apite ku swichi. Mawu adzadzaza ndipo phokoso lidzatha. Koma maginito akakhala ofanana, palibe kamangidwe ka mawaya komwe kangakupatseni zonse ziwiri: mudzakhala ndi mawu abwino okhala ndi phokoso, kapena bata lokhala ndi mawu oonda. Zimenezi sizitanthauza kuti pickup yotero ndi yoipa, pakuti gitala za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinali zotero, ndipo alipo oimba amene amaikonda. Kwa woimba pamalo pomwe pali magetsi ambiri ndi zokuzira mawu zambiri, ine ndingasankhe ya RWRP mosakayika.

Chachiwiri ndi mphamvu. Ogulitsa amalemba nambala ya ma ohm, ndipo ngakhale nambalayi si muyeso weniweni wa kukula kwa mawu, imathandiza poyerekeza ma pickup opangidwa mofanana. A mtundu wakale amakhala pakati pa 5.5k ndi 6.5k, pamene okulungidwa kwambiri amapitirira 7k ndipo amamveka olemera koma osawala kwenikweni. Nsambo imagwedezeka kwambiri cha kukhosi kusiyana ndi pafupi ndi bridge, choncho dongosolo lodziwika ndi lakuti ya kukhosi ikhale yofooka pang'ono, ya ku bridge ikhale yamphamvu, ndipo yapakati ikhale pakati pa ziwirizi. Mawu otchuka aja a malo achiwiri ndi achinayi, omveka ngati kulira kwa bakha, amatuluka bwino ma pickup awiriwo akakhala oyandikana mphamvu, ndipo yapakati ikaposa inzake kwambiri amazimiririka. Pa gitala yokhala ndi humbucker (pickup ya makoyilo awiri yothetsa phokoso) ku bridge, yapakati yamphamvu pang'ono imathandiza kuti mawu asagwe mwadzidzidzi mukasuntha swichi. Onaninso ngati ma pot a gitalayo, tizipangizo tosinthira voliyumu ndi kamvekedwe, ndi a 500k, chifukwa pickup ya koyilo imodzi, yomwe kawirikawiri imayendera a 250k, imamveka yakuthwa kwambiri pa iwo.

Za mtundu wa maginito sizifuna kutaya nthawi yambiri. Alnico 5 ndi wofala ndipo amapereka mawu owala, Alnico 2 ndi 3 amakoka nsambo mofatsa ndipo amamveka ofewa, pamene ceramic amapezeka pa ma pickup amphamvu komanso pa gitala zambiri zosavuta kugula. Kutsatira mtundu womwe uli pa ziwiri zinazo ndiyo njira yosakhumudwitsa.

Yezaninso kukula. Mtunda wochokera pakati pa kamaginito koyamba kufika pakati pa komaliza umakhala pafupifupi mamilimita 52 pa gitala zambiri ndi 50 pa zina, ndipo kusiyana kochepaku kungachititse kuti chivundikiro chakale chisalowe kapena kuti nsambo zam'mbali zisadutse pamwamba pa timaginito take. Palinso ma pickup omwe timaginito take n'tosiyana kutalika, omwe anapangidwira khosi lokhota kwambiri la gitala zakale ndi nsambo ya G yokulungidwa. Pa khosi lamakono losakhota kwambiri, lokhala ndi G yosakulungidwa, nsamboyo ikhoza kumveka kuposa zinzake, choncho timaginito tofanana kutalika ndi tomwe timayenera.

Amene safuna phokoso ngakhale pamalo achitatu angasankhe pickup ya makoyilo awiri yolowa m'bowo la imodzi, monga Fender Noiseless, DiMarzio Area kapena Hot Rails ya Seymour Duncan. Ziwiri zoyambazo zimayesetsa kusunga mawu a koyilo imodzi, pamene Hot Rails ndi yamphamvu kwambiri ndipo imasintha khalidwe lonse la gitala. Dziwani kuti zokhala ndi koyilo pamwamba pa inzake zimakhala zazitali, motero yezani kuya kwa bowo, ndiponso kuti pickup yotereyi ikaphatikizana ndi pickup wamba, phokoso la inzakeyo lidzamvekabe.

Mukamaliza kumanga, konzani kutalika kwake musanaweruze mawu. Dinani nsambo pa fret yomaliza, kachitsulo komaliza ka pakhosi, ndipo muyambire pa mpata wa mamilimita pafupifupi 2.4 pansi pa nsambo yaikulu ndi 2 pansi pa yaing'ono. Ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo zikuluzikulu moti mawu ake amanjenjemera ndi kumveka ngati gitala sinachunidwe. Oimba ena amaitsitsa dala chifukwa kapulasitiki koimbira kamaigunda, ndipo Ritchie Blackmore, yemwe ankaimba gitala m'gulu la Deep Purple, ankadziwika ndi kuitsitsiratu osaigwiritsa ntchito n'komwe. Inu tembenuzani sikuluwu iliyonse theka la mzungulire nthawi imodzi, mukumvetsera malo achiwiri, achitatu ndi achinayi motsatizana, mpaka kusuntha swichi kusamasinthe kukula kwa mawu.