Mashoti akungopita kunja pa FC 24? Ndakonza chonchi

Anzanga a PlayStation kuno ku Mbare mu Harare, chisinthireni gemu ya mpira kuchoka pa FIFA 23 kupita pa FC 24, mashoti anga ankangouluka pamwamba pa golo ngakhale nditatsala ndi goloboyi yekha. Ndinapukuta kontirola, ndinabwerekanso ina ku Highfield, koma osasintha.

Chomwe chinandithandiza ndi ichi: lowani mu Controller Settings. Pa Shot Assistance sankhani Assisted kuti gemu izikuthandizani kuloza golo, chifukwa Precision imafuna kuti stick yakumanzere iloze golo ndendende. Koma chachikulu ndi Timed Finishing: izimitseni. Ikakhala yoyatsa, mukadinanso Circle (batani lomenyera shoti) pa nthawi yolakwika shoti imaonongeka, ndipo ambirife timadina kawiri mtima ukamathamanga. Pomaliza, mukakhala m'bokosi musadzaze mphamvu yonse, theka likukwanira. Zonsezi sizinandidyere ngakhale dola imodzi.