Mmene ndinachepetsera phokoso m'pikapu yanga

Pikapu yanga ya dizilo ndi yakale, ndipo ndimayenda nayo kwambiri mumsewu wa East Bank, kuchokera pa Thabwa kulowera ku Muona. Phokoso m'kati linafika poti ine ndi mayi akunyumba tinkachita kukuwa kuti timvane. Pansi pankalira ngati ng'oma.

Poyamba ndinayala kapeti yokhuthala, koma inangosunga fumbi. Kenako ndinamata timapepala taphula tija totsekera madenga. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa: phula linafewa, fungo lake losakamba, ndinachita kupala ndi mpeni tsiku lonse.

Ulendo wachitatu ndinachotsa mipando ndi kapeti, chitsulo n'kuchipukuta ndi sipiriti. Usiku ndinaika tochi mbali ya injini, ine n'kukhala m'kati. Kuwala kunkalowa malo atatu. Labala wa pa giya anali atang'ambika, ndipo podutsa mawaya panali mabowo awiri opanda zotsekera. Phokoso la injini ndi fumbi lomwe zinkalowera pamenepo. Ndinagula labala wina, mabowo n'kutseka ndi silikoni. Apa pokha kusiyana kunamveka kale.

Nditatero ndinamata mapepala a butyl (mtundu wa labala womata), omwe sasungunuka ngati phula, pakati pa zitsulo zomwe zinkalira ndikagogoda, osati paliponse ayi. Ndinawatsindira ndi kagudumu kamtengo. Pamwamba ndinayala fomu yosamwa madzi, poti kuno madzi osefukira sachedwa. M'zitseko timabowo totulutsira madzi ndinatisiya.

Butyl ndinakagula ku Blantyre, ndipo ndi amene anadya ndalama zambiri. Ntchito inatenga Loweruka ndi Lamlungu. Matayala akulirabe pa M1, koma wailesi tsopano ikumveka.