Mukamapita ndi gulu ku Dziwe la Nkhalamba

Sukulu zikatsekera, magulu a achinyamata, makwaya ndi ana asukulu amakhamukira ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kukaona Dziwe la Nkhalamba, lomwe lili pansi pa mathithi. Malangizowa akupita kwa inu aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo amene mumatenga ana a eni pa maulendo otere.

Kuchokera pa Chitakale mumalowera msewu wa ku Phalombe. Mukafika pa Likhubula, yambani mwaonekera ku ofesi ya za nkhalango, mulipire ya pachipata, ndipo mutenge munthu wokuperekezani. Ena amakana, ati dziwe lili pafupi. Zoona, ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, koma si njira yokha imene mukulipirira. Woperekezayo amadziwa mwala woterera ndi poyambira kuya.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Amachokera pamwamba pa phiri, choncho amazizira kwambiri ngakhale mu Okutobala. Mnyamata amene wakwera chitunda ali thukuta kamukamu akangodumphiramo, mpweya umabanika, miyendo n'kukokana, ndipo wodziwa kusambira kunyanja amathanso kumira. Anthu amirapo padziweli. Gulu lipume kaye, thupi lizizire, kenako alowe pang'onopang'ono cha m'mbali. Pansi pa mathithi asayandikirepo, chifukwa madzi amazungulira n'kukokera munthu pansi. Wamkulu mmodzi akhale pamtunda, ntchito yake kuwerenga mitu basi, foni ili m'thumba. Womwa mowa asalowe m'madzi, ngakhale akhale tcheyamani.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo muziyang'ana kumwamba kwa phiri, osati pamene mwaimapo. Mvula imatha kugwa kumtunda inu kuno muli padzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Madzi akayamba kuda kapena kubwera ndi zinyalala, tulukani msanga. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe amene anaona napolo wa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa kawiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi vuto ndi chiperoni. Ana atenge majuzi.

Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo pamwamba pake ndi kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu. Chakudya phikiranitu kunyumba. Moto wowotchera nyama m'chilimwe, udzu utauma, ndi umene umasanduka moto wolusa. Majumbo ndi mabotolo mubwerere nazo, ndipo sopo asalowe m'dziwe, pakuti kumunsi kuli midzi imene imamwa madzi omwewo. Apusi musawapatse chakudya, amazolowera n'kuyamba kulanda.

Akuluakulu a kuderali amati malowa ndi a mizimu, ndipo makolo ankathirapo nsembe. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kapena ayi, sipika yanu muzimitse. Nyamukani pobwerera dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo muwerengenso ana musanachoke padziwe, osati mutafika kale pa minibasi.