Momwe mungazukutire ndakatulo yaifupi ya chitumbuwa

Ophunzira ambiri akaona ndakatulo yokamba za mandasi, mtedza kapena chimanga chootcha amaiderera, amati mulibemo chozukuta. Ine ndimakana. Tiyeni tiyese ndi iyi, yomwe ndapeka ndekha:

Chitumbuwa iwe, bwenzi la pabuleki,
Wofiira ngati dothi la katondo,
M'mafuta ukuti chwaa!
Koma lero thumba langa lauma,
Undidikire mawa.

Poyamba, iwerengeni mokweza kawiri musanagwire cholembera. Khutu limagwira zomwe diso ladumpha.

Kenaka funsani kuti akuyankhula ndani, ndipo akuuza yani. Mawu oti "pabuleki" akutiululira kuti woyankhula ndi mwana wasukulu. Woyankhulidwa ndi chitumbuwa chomwe. Chinthu chopangidwa ndi nthochi zakupsa ndi ufa wa mgaiwa chikutchedwa bwenzi, mpaka kupemphedwa kudikira. Chipangizo cha ndakatulo chimenechi, chopatsa chinthu makhalidwe a munthu, chimatchedwa umunthu. Onaninso "iwe". Mwanayu sanati "inu", kusonyeza kuti awiriwa ndi ozolowerana.

Mzere wachiwiri uli ndi chifanifani cha ntchedzero, chifukwa muli "ngati". "Chwaa" ndi mvekero. Koma musangotchula maina a zipangizozi n'kusiyira pomwepo, chifukwa pamayeso a MSCE kutchula kokha sikukwanira. Nenani ntchito yake: katondo akutionetsa mtundu wa chitumbuwa chopsa bwino, mvekerowo ukutiimika pafupi ndi chiwaya mpaka kumva fungo.

Tsopano pofunika kwambiri, kamvekedwe ka zoyankhula. Fufuzani pomwe mawu akhotera. Apa ndi pa "koma". Mizere itatu yoyamba ndi yansangala, yotamanda. Ukafika wachinayi, mawu atsika okha. Thumba silimauma ngati chitsime, apa akunena kuti ndalama palibe, ndipo wanena mozungulira ngati mwana wochita manyazi pamaso pa anzake amene akudya. Aliyense amene anaimapo pambali pa beseni la mayi wogulitsa, manja ali m'thumba, akudziwa kulemera kwa mzere umenewu. Nanga "mawa"? Akudandaula, inde, koma sanataye mtima.

Polemba yankho, tchulani kamvekedweko, perekani mawu enieni a m'ndakatulo ngati umboni, kenaka fotokozani. Mwachitsanzo: kamvekedwe kayamba kosangalala ("bwenzi la pabuleki"), kenaka kasanduka kodandaula koma kachiyembekezo ("thumba langa lauma", "undidikire mawa").