Kulumikiza ma eriyo awiri pa kebulo imodzi osataya matchanelo

Ngati muli ndi ma eriyo awiri padenga ndipo mukufuna kebulo imodzi yokha itsikire ku TV, chonde musangopotokola mawaya pamodzi nkukulunga tepi. Kebulo ya TV ndi ya 75 ohm, joini yamanja ngati imeneyo imabweza siginolo ina m'mbuyo komanso imalowa madzi, mvula ikangogwa kawiri katatu chithunzi chimayamba timabokosi mawu nkumadukaduka.

Musanagule chilichonse yesani kaye eriyo iliyonse payokha. Lowani mu menyu ya TV kapena dikoda pomwe amaonetsa signal strength (mphamvu ya siginolo) ndi signal quality (ubwino wake), lembani papepala tchanelo chilichonse, frequency yake ndi quality yake. Kapepala kameneka ndi komwe kakuuzeni chogula.

Mukapeza kuti eriyo ina ikugwira VHF, ya pakati pa 174 ndi 230 MHz, inayo UHF yoyambira pa 470 MHz kupita m'mwamba, ndiye muli ndi mwayi. Gulani diplexer, kabokosi kokhala ndi polowera pawiri polembedwa VHF ndi UHF ndi potulukira pamodzi. Mkati muli mafyuluta, eriyo iliyonse imadutsitsa gawo lake lokha ndipo zomwe mumataya ndi pang'ono, mwina 1 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya siginolo). Mangani pa mlongoti pansi pa ma eriyo, mwathana nazo.

Povuta ndi pomwe onse ali a UHF koma ayang'ana mbali zosiyana. Apa ambiri amatenga sipilita, kabokosi kogawa siginolo ya eriyo imodzi ku ma TV awiri, nkuitembenuza, ma eriyo kulowera pa OUT pawiri paja kebulo yotsika pa IN, ndipo inde imagwira ntchito koma mudziwe kuti eriyo iliyonse ikutaya pafupifupi 3.5 dB, kutanthauza kuti theka la mphamvu yake lapita ndi kupitirira. Ndiye pali china chomwe anthu sachiganizira: eriyo siimva kutsogolo kokha, imatolakonso pang'ono kumbali ndi kumbuyo. Siginolo ya transmitter imodzi (malo oulutsira) imalowa kawiri, ina kuchedwako pang'ono, zikakumana mu sipilita nthawi zina zimafafanizana. Ndinaziona ndekha tsiku lina, tchanelo chomwe chimaoneka bwinobwino pa eriyo imodzi chinazimiratu nditangomanga yachiwiri, strength ili pamwamba koma quality yagwa pansi. Mwininyumba amafuna tigule busita, kachipangizo kokweza mphamvu ya siginolo, ndinamuuza kuti bambo, busita ingokweza chisokonezo chomwecho.

Chomwe chinathandiza ndi kutalikitsa ma eriyo pa mlongoti, mita imodzi kapena kuposa, ndi kutembenuza yachiwiri pang'onopang'ono mnzanga ali pa TV kumakuwa manambala a quality. Zikakanika pamenepo mufunika kombayina (kabokosi kolumikiza ma eriyo) yokhala ndi mafyuluta, yomwe imalola matchanelo osankhidwa okha kuchokera mbali iliyonse. Ine ndimaona kuti ngati ku mbali inayo mukungofunako matchanelo awiri atatu, ndi bwino kutsitsa makebulo awiri nkuika switch ya A/B pafupi ndi TV, mutu suwawa.

Ngati cholinga nkuwonjezera mphamvu kuchokera ku transmitter imodzi, ma eriyo akhale ofanana ndendende, ayang'ane kumodzi, ndipo makebulo awiri opita ku kombayina akhale otalika chimodzimodzi, muyeze ndi tepi osati kungoyerekeza ndi maso. Phindu lake silingapose 3 dB ndipo pogwira zenizeni limachepera pamenepo, nthawi zambiri eriyo imodzi yaikulu imachita bwino kuposa.

Kebulo gwiritsani ya mtundu wa RG6 ndi ma F-connector, timitu tomangira kumapeto kwa kebulo. Posenda onetsetsani kuti katsitsi ngakhale kamodzi ka mawaya opyapyala akunja aja sikakukhudza waya wamkuwa wapakati, kamodzi kokha kamapha siginolo yonse. Joini iliyonse yapanja muikulunge ndi tepi yarabala yodzimata yokha, kebulo muipinde ngati U isanalowe mu kabokosi kapena pakhoma kuti madzi adonthere pansi. Amene muli ndi busita ya pa mlongoti, magetsi ake amakwera pa kebulo yomweyo, ndiye sankhani kombayina yolembedwa power pass kapena DC pass kumbali ya busitayo.

Padenga musakwere kukuchita ziphaliwali, ndipo mlongoti ukhale kutali ndi mawaya a magetsi moti ngakhale utagwa usawafike. Mukamaliza sechaninso matchanelo, tengani kapepala kaja muyerekeze quality ya tchanelo chilichonse ndi ya poyamba musanatsitse makwerero.